Kalata yotseguka kwa akuluakulu a yunivesite: musanaletse kusindikiza mabuku a ophunzira, tatsegulani kaye sitoo

Kwa Wachiwiri kwa Chansala, a Rejisitala, mkulu wa zachuma, ndi mamembala onse a Khonsolo,

Olemekezeka akuluakulu,

Landirani moni wanga, ndipo ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Ine ndine mmodzi wa aphunzitsi a pa sukulu yathu ino, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala m'kakomiti kamene kamayang'anira zosindikiza za dipatimenti yathu. Ndasankha kulemba poyera chifukwa anthu amene nkhaniyi ikuwapweteka kwambiri, ophunzira, salowa nawo m'misonkhano yanu. Ndibwino amve zimene ndikukupemphani, ndipo adzamvenso yankho lanu.

Chandilembetsa ndi chikalata chimene mwatumiza ku madipatimenti onse, chonena kuti kuyambira teremu ikubwerayi sukulu isiya kusindikiza timabuku totsogolera maphunziro, mabuku a m'labotale ndi buku la malamulo a mayeso. Mwati zonsezi zizipezeka pa intaneti, ndipo chifukwa chimene mwapereka n'chakuti ndalama zachepa. Zoti ndalama zachepa sindikutsutsa, tonse tikuziona. Koma ndawerenga chikalatacho kawiri, ndipo sindinapezemo lipoti lapachaka la mapepala onyezimira lija, makalendala a pakhoma, madayale a zikuto zolimba, kapena magazini amene fakalute iliyonse imatulutsa payokha. Zimenezo zatsala osakhudzidwa, ndipo mwachotsa zimene wophunzira amatsegula tsiku lililonse.

Ndikunena mwaulemu kuti ndalama za zosindikiza zikuthera pa kusakonzekera kwathu. Ndiloleni ndikuonetseni pamene zikutayikira.

Choyamba ndi sitoo, chipinda chathu chosungiramo katundu. Ndikupemphani kuti tsiku lina mutenge kiyi, mutsike nokha, osatuma munthu. Mukapeza makatoni osatsegula a timabuku todziwitsa ofuna kulowa sukulu ino, ta zaka zammbuyo. Sitingaperekedwenso kwa munthu chifukwa muli fizi yakale, masiku akale ofunsira malo, ndi chithunzi cha mkulu amene anachoka kale. Mukapezanso malipoti apachaka amene anafika msonkhano utatha, ndi mapulogalamu a mwambo wa omaliza maphunziro amene anatsala mulu wathunthu. Ena ayamba kuchita nkhungu. Katoni iliyonse m'menemo inalipiridwa pepala, inki, kumata ndi mayendedwe, ndipo lero ikutidyeranso malo. Ndinafunsapo kuti chiwerengero cha makope chimachokera kuti, yankho linali lakuti timangotengera cha chaka chatha. Cha chaka chathacho chinatengeranso cha chaka chinzake. Palibe amene anawerengapo kuti ndi angati anafikadi m'manja mwa anthu.

Ndikudziwa chimene chimatinyengerera. Wosindikiza akamati mukawonjezera makope mtengo wa kope limodzi utsika, sanama. Pa makina a offset, tsamba limayamba laikidwa pa puleti yachitsulo, inki n'kuchoka pa puletiyo kupita pa mpira, kenako papepala. Kupanga mapuleti, kuwamanga pamakina, ndi mapepala amene amaonongeka poyesa mpaka mtundu utakhala bwino, zonsezi zimalipiridwa kamodzi, kaya mukusindikiza makope 200 kaya 20,000. N'chifukwa chake ambiri amaoneka otchipa. Koma kope lotchipa limene likugona m'katoni silinatchipe ayi. Mtengo weniweni ndi ndalama zonse zimene tatulutsa, kugawa ndi makope amene awerengedwa ndi munthu. Tiyerekeze tasindikiza 5,000 n'kugawa 2,000: kope lililonse logawidwalo latidyera kawiri ndi theka kuposa mtengo umene unalembedwa pa kotesheni.

Pa ntchito zing'onozing'ono pali makina a dijito, amene safuna mapuleti. Mtengo wa kope susintha kwenikweni ngakhale makope achuluke, choncho ndi oyenera mabuku a kalasi ya anthu makumi angapo, kapena chilichonse chimene chimasintha teremu ndi teremu. Pamene offset imayamba kutchipa kuposa dijito pamadalira kukula kwa buku ndi makina a wosindikizayo, ndipo njira yodziwira ndi kufunsa mitengo ya njira zonse ziwiri pa ntchito imodzimodziyo. Ife sitifunsa. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi nthawi, ndipo apa ndiye tonse, ine ndemwe, tili ndi mlandu. Tsiku la mwambo wa omaliza maphunziro limadziwika miyezi yambiri lisanafike. Tsiku lotsegulira sukulu lili pa kalendala. Komabe mafayilo amapita kwa wosindikiza kutatsala masiku ochepa, ndipo amene akuthamangitsa ntchito alibe mphamvu yonenerera mtengo. Wosindikiza amayenera kuimitsa ntchito za ena, kulipira antchito ausiku, ndi kugwiritsa ntchito pepala lililonse limene ali nalo pafupi, ngakhale lodula. Makotesheni atatu amene malamulo a zogula amafuna amangotoleredwa mwamwambo, chifukwa aliyense akudziwa kuti ntchito ipita kwa amene wavomera kumaliza pofika Lachisanu.

Ndipo makotesheni amenewa nthawi zambiri sayerekezeka. Wina wawerengera pepala lopyapyala, wina lokhuthala, wina waphatikiza kubweretsa katundu, wina ayi. Izi zimachitika chifukwa sitiwapatsa chikalata chimodzi chofotokoza ntchito: kukula kwa buku, masamba angati, pepala lotani mkati ndi pachikuto, mitundu ingati ya inki, kumanga kotani, makope angati, tsiku lofika. Timangoimba foni n'kunena kuti tikufuna kabuku kokongola.

Chachitatu ndi kuwongolera mochedwa. Ndinaonapo ndi maso anga buku litavomerezedwa, mapuleti atapangidwa, kenako n'kubwera uthenga wochokera ku ofesi ina wakuti mawu oyamba asinthidwe ndipo udindo wa bwana wina walembedwa mopereweza. Cholakwa chikapezeka pa kompyuta, kuchikonza n'kwaulere. Chikapezeka puleti itapangidwa, puletiyo imapangidwanso, ndipo ngati tsambalo ndi lamitundu angakhale mapuleti anayi. Chikapezeka buku litamatidwa, madzi atayika basi. Pa sukulu ino palibe munthu mmodzi amene siginecha yake ndi yomaliza. Buku limayenda m'maofesi asanu, ofesi iliyonse n'kuwonjezera kake, mpaka tsiku lomaliza.

Mafayilo enieniwo ndi nkhani inanso. Timatumiza zithunzi zimene zadutsa pa WhatsApp, zimene zafinyidwa kale, pamene chithunzi chosindikiza chimafuna madontho pafupifupi 300 pa inchi. Timatumiza mitundu ya RGB, imene ndi ya pa sikirini, pamene makina amasindikiza ndi CMYK, inki zinayi zimene iliyonse imafuna puleti yake, ndiye timadabwa kuti mtundu wa chizindikiro cha sukulu watuluka wofuwira. Timaiwala kusiya mamilimita atatu opitirira m'mphepete pamene chithunzi chikufika kumapeto kwa tsamba. Wosindikiza amakonza zonsezi ndipo amatilipiritsa nthawi yake, zimene n'zoyenera. Fayilo ya PDF/X (mtundu wa PDF wopangidwira osindikiza) yokonzedwa bwino, zilembo zake zitalowetsedwa mkati, ingathetse zambiri mwa izi, ndipo kuphunzitsa alembi athu kuikonza si ntchito ya mwezi wathunthu.

Chachinayi, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa m'pamene pali ndalama zambiri, ndi kamangidwe ka buku lenilenilo. Buku silisindikizidwa tsamba limodzilimodzi. Masamba amayalidwa pa chipepala chachikulu, chimene chimapindidwa n'kudulidwa, ndipo chipepala chimodzi chimatulutsa masamba 8, 16 kapena 32 malinga ndi makina. Kabuku kolumikiza ndi mapini pakati kayenera kukhala ndi masamba ogawika ndi 4. Ndiye tikapereka buku la masamba 98, masamba awiri opitirira pa 96 aja amafuna chipepala chawochawo, mapuleti awoawo ndi kuyesa kwawokwawo. Kawirikawiri masamba awiriwo ndi mauthenga a akuluakulu, aliyense tsamba lake ndi chithunzi chake. Mundikhululukire, koma ndi zoona.

Tiyeni tiwerengere limodzi mapuleti a buku la masamba 96, pa makina otenga masamba 16 pa chipepala chimodzi. Zipepala ndi 6, chilichonse chili ndi mbali ziwiri. Ngati buku lonse ndi la inki yakuda yokha, mapuleti ndi 12. Ngati lonse ndi lamitundu, mbali iliyonse ifuna mapuleti anayi, onse pamodzi 48. Tikaumirira kuti mtundu wa sukulu usindikizidwe ndi inki yapadera ya Pantone pa tsamba lililonse, afika 60. Koma tikasonkhanitsa zithunzi ndi magalafu onse ofunikadi mitundu pa chipepala chimodzi, zina zisanu n'kukhala zakuda, mapuleti ndi 18 okha, ndipo owerenga sataya kanthu. Matebulo a ndalama m'lipoti lapachaka sawerengeka bwino chifukwa choti kumbuyo kwake kuli utoto wobiriwira.

Pepala nalonso limayezedwa, ndipo masamu ake ndi osavuta. Mapepala a mtundu wa A, amene muyezo wake ndi ISO 216, anakonzedwa kuti A0 ikhale sikweya mita imodzi, ndipo kukula kulikonse kotsatira kukhale theka la kam'mbuyo. A4 ndi gawo limodzi mwa magawo 16 a A0, ndiye pepala la A4 la magalamu 80 pa sikweya mita limalemera magalamu 5. Buku la masamba 96 lili ndi mapepala 48, kutanthauza magalamu 240 osawerengera chikuto. Buku lomwelo pa pepala lonyezimira la magalamu 150 limafika magalamu 450. Pa makope 2,000, ndi makilogalamu 480 poyerekeza ndi makilogalamu 900. Makilogalamu owonjezerawo timawagula, timawanyamula, ndipo tikamatumiza pa positi timawalipiranso. Pepala lonyezimiralo silimwanso bwino inki ya bolopeni, choncho pa buku limene munthu ayenera kulembamo ndi lodula komanso losathandiza.

Kukula kwa buku n'chimodzimodzi. A4 ndi A5 zimatuluka pa chipepala chachikulu popanda zotaya zambiri, chifukwa zipepala zimene osindikiza amagula zinayezedwa poganizira kukula kumeneku. Chaka china tinafuna kabuku kofanana mbali zonse zinayi chifukwa wina anakaona kotere kwina n'kukakonda. Zidutswa zimene zinadulidwa n'kutayidwa tinazilipira ndife.

Chachisanu, dipatimenti iliyonse imasindikiza payokha. Imapeza wojambula wake, wosindikiza wake, kukula kwake, ngakhale chizindikiro cha sukulu chimatuluka mosiyanasiyana. Timapepala tisanu ta madipatimenti asanu, tikanakhala tofanana kukula ndi pepala, tikanayalidwa pa chipepala chimodzi n'kulipira mapuleti kamodzi. M'malo mwake timalipira kasanu, pa sabata zisanu zosiyana. Ndipo chifukwa bajeti yosagwiritsidwa ntchito imabwezedwa chaka chikatha, mwezi womaliza wa chaka cha ndalama ndi umene madayale ndi makalendala amaitanitsidwa mothamanga, kuti ndalama zisabwerere.

Za magazini a kafukufuku ndinena mwachidule. Ofufuza amafunafuna nkhani pa intaneti. Pulogalamu yotulutsira magazini otere pa intaneti ya Open Journal Systems, ya bungwe la Public Knowledge Project, ndi yaulere ndipo mayunivesite ambiri padziko amaigwiritsa ntchito. Makope ochepa a laibulale, a olemba ndi a malo amene lamulo limafuna kuti tisungitseko angasindikizidwe pa dijito. Ngati mukufuna pochekera, pamenepa ndiye poyenera intaneti.

Tsopano ndibwere kwa wophunzira, amene chikalata chanu chamusiya panja. Mukaleka kusindikiza buku la m'labotale, bukulo silisiya kufunika. Wophunzira adzapita kukalisindikiza yekha pa fotokope, tsamba limodzilimodzi, nthawi zambiri mbali imodzi ya pepala, pa mtengo wokwera kuposa umene sukulu ikanalipira posindikiza onse pamodzi. Ndalamayo mwangoichotsa m'buku la sukulu n'kuiika m'thumba la munthu amene ali nazo zochepa kuposa tonsefe, itakula kale. Amene alibe adzawerengera pa foni, ngati ali ndi foni yotha kutsegula fayilo, ngati ili ndi moto, ngati bandulo ilipo. Tebulo la mizere khumi siliwerengeka pa sikirini yokwana m'dzanja. M'labotale, munthu wovala magolovesi, amene akugwira mankhwala, timamuletsa tokha kugwira foni, ndiye malangizo a chitetezo awawerengera pati? Wophunzira wa zaumoyo ali m'wodi, wa zaulimi ali kumunda kumene netiweki sifika, onsewa amafuna pepala limene angalipinde, kulilemba ndi kuliika m'thumba.

Buku la malamulo a mayeso ndiye likundidetsa nkhawa kwambiri. Timachotsa anthu sukulu potengera malamulo amenewa. Wophunzira akadzaima pamaso pa komiti ya chilango n'kunena kuti sanawaonepo, tidzamuyankha kuti anali pa webusaiti, pa tsamba limene ngakhale ine ndimalisowa? Kabuku ka A5, ka inki yakuda, ka masamba 32, kolumikiza ndi mapini awiri, ndi chimodzi mwa zinthu zotchipa kwambiri zimene wosindikiza angapange. Tingasindikize timabuku tambirimbiri totere ndi ndalama ya madayale a chaka chimodzi.

Palinso ophunzira amene saona bwino, amene amadalira makope a zilembo zikuluzikulu kapena a Braille. Chikalata chanu sichinawatchule n'komwe. Ndikukhulupirira kuti kunali kuiwala chabe, koma ku madipatimenti chikuwerengedwa ngati chiletso cha zonse.

Sindikunena kuti lipoti lapachaka lithe. Mabungwe amene amatithandiza ndi boma ayenera kulandira lipoti looneka bwino, ndipo kabuku kodziwitsa ofuna kulowa sukulu kali ndi ntchito yake kwa makolo ndi aphunzitsi a kusekondale. Koma olandira lipoti pamanja ndi anthu owerengeka, tingawalembe mayina pa pepala limodzi. Ndipo kabuku kodziwitsa kaja kangagawidwe pawiri: zimene sizisintha msanga, monga maphunziro amene timapereka ndi moyo wa pasukulu, zisindikizidwe kuti zikhale zaka ziwiri kapena zitatu, pamene fizi ndi masiku zikhale pa kapepala kamodzi kolowetsa mkati, kapena pa intaneti kudzera pa kachizindikiro ka QR. Fizi ikasintha, titaya kapepala kamodzi kokha.

Choncho, olemekezeka, ndikupempha izi:

1. Muimitse kaye chiletso cha mabuku a m'labotale, timabuku totsogolera maphunziro ndi buku la malamulo a mayeso, ndipo mulembe momveka kuti makope a ophunzira osaona bwino sakukhudzidwa.

2. Mutume anthu akawerenge zonse zimene zili m'sitoo, buku ndi buku: anasindikizidwa angati, anagawidwa angati, atsala angati. Zotsatira zake ziperekedwe ku madipatimenti onse ndi ku bungwe la ophunzira.

3. Mutulutse ndalama zonse zimene sukulu yagwiritsa ntchito pa zosindikiza m'zaka zitatu zapitazi, zogawidwa malinga ndi mtundu wa chosindikizidwa, kuti tonse tione chimene chikudya zambiri.

4. Pakhale kalendala imodzi ya zosindikiza ya chaka chonse, yokonzedwa pamodzi ndi bajeti, yosonyeza tsiku lomaliza kulandira zolemba, tsiku lovomereza ndi tsiku lopita kwa wosindikiza. Ofesi imene yachedwetsa ntchito ilipire yokha mtengo wa kuthamangitsako kuchokera m'bajeti yake.

5. Chilichonse chisanavomerezedwe, wochipempha ayankhe mafunso atatu polemba: adzawerenge ndani, adzachilandira bwanji, ndipo chidzatha ntchito liti. Chiwerengero cha makope chichokere pa mayankho amenewa.

6. Sukulu isankhe makulidwe awiri kapena atatu a mabuku ndi mitundu yochepa ya pepala, ndipo kotesheni iliyonse ifunsidwe ndi chikalata chimodzi chofotokoza ntchito, pa offset ndi pa dijito pomwe. Ntchito zofanana za madipatimenti osiyana zizipita limodzi.

7. Buku lililonse likhale ndi munthu mmodzi wosaina komaliza. Akasaina, kusintha kulikonse kulipiridwe ndi ofesi imene yakupempha, kaya ndi ofesi ya ndani.

8. Madayale ndi makalendala a pakhoma aimitsidwe kwa chaka chimodzi, ndipo ndalama yake ipite ku mabuku a ophunzira. Chaka chikatha, tidzaone amene wawasowa.

9. M'komiti yoona zosindikiza mukhale woimira ophunzira, woyang'anira laibulale, ndi mmodzi wa antchito a m'chipinda chathu chosindikizira. Anthu amenewa amadziwa zonse ndalembazi kuposa ine, koma sanafunsidwepo.

Ine ndi anzanga angapo tili okonzeka kugwira ntchito yowerenga makatoni ija popanda malipiro, Loweruka lililonse limene mungatipatse kiyi. Pa pempho loyamba lokha ndapota nanu, yankho lifike teremu isanayambe, chifukwa mafayilo a mabuku a m'labotale ali okonzeka kale pa kompyuta yanga, masamba 48 ndendende, ndipo wosindikiza amafuna sabata zake.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa pa sukulu ino